KU AMERICA WOGULA NYUMBA AMAGULIRA LIMODZI NDI SUKULU YA ANA AKE

Kwathu kuno kunyanja munthu akafuna malo omangapo nyumba, mafunso ake timawadziwa tonse. Kodi madzi a mvula sadutsa pamenepa? Mjigo uli kutali bwanji? Nanga nyanja ikadzadzanso monga m'mene inachitira mu 1980 ndi mu 2024, siidzafika pakhonde? Amafunsa za msika, za chigayo, za mzikiti, ndipo za sukulu amafunsa kumapeto kweni kweni. Ngakhale pamenepo funso limakhala la mtunda basi, kuti mwana wa Sitandade 1 asamatope ndi ulendo. Palibe kholo limene limaopa kuti mphunzitsi wamkulu adzamubweza mwana chifukwa nyumba yawo ili tsidya lina la msewu.

Owerenga athu okondedwa, ku America zinthu ndi zosiyana. Kumeneko banja la ana likamafuna nyumba m'timatauni ta m'mbali mwa mizinda ikulu ikulu, timene ife tingatitche kumayadi, funso la sukulu ndilo limayamba. Ena amasankhiratu sukulu asanaone nyumba ngakhale imodzi, kenaka n'kumafunafuna khomo m'misewu yokhayo imene ana ake amaloledwa pa sukuluyo.

MALIRE OSAONEKA

Dziko lonse la America linagawidwa m'madera a sukulu oposa 13,000. Dera lililonse lili ndi malire ake pa mapu, komiti yake imene kawiri kawiri imasankhidwa ndi anthu okhala momwemo, aphunzitsi ake amene limawalemba ntchito lokha, ndiponso thumba lake la ndalama. Sukulu za boma ndi zaulere kuyambira mkaka mpaka kumaliza sekondale, ndipo palibe mayeso osankhira ana opita kusekondale monga athu a Sitandade 8. Koma ulere umenewu uli ndi lamulo limodzi: mwana amaphunzira m'dera limene makolo ake amagona. Polembetsa, kholo limaonetsa kalata ya lendi kapena ya umwini wa nyumba, ndi mapepala olipirira magetsi kapena madzi olembedwa dzina lake.

Kuti timvetse bwino tiyeni tione mzinda umodzi, wa Detroit, m'chigawo cha Michigan kumalire ndi Canada. Kumeneku ndi kwawo kwa galimoto za Ford ndi Chevrolet. Kum'mawa kwa mzindawu kuli msewu wotchedwa Alter Road, ndipo malire a mzinda amadutsa cha pomwepo. Mbali ya kumadzulo ndi Detroit. Mbali ya kum'mawa ndi Grosse Pointe Park, imodzi mwa timatauni tisanu ta dzina la Grosse Pointe timene tinandanda m'mphepete mwa nyanja ya St. Clair. Palibe mtsinje waukulu kapena phiri lolekanitsa mbali ziwirizi, mwana angathe kuwoloka wapansi m'mphindi imodzi. Koma mu 2016 bungwe lofufuza za ndalama za maphunziro la EdBuild linapeza kuti mwa malire onse a madera a sukulu m'dziko lonselo, amenewa ndiwo anali olekanitsa kwambiri olemera ndi osauka: m'dera la Detroit ana 49 mwa 100 alionse anali a m'mabanja osauka, pamene m'dera la Grosse Pointe anali 7 okha.

Chodabwitsa china ndi chakuti malire a sukulu satsata malire a tauni nthawi zonse. Kumpoto kwa Grosse Pointe kuli katauni ka Harper Woods, kamene kali ndi dera lake lake la sukulu. Koma misewu ina ya m'katauni komweko inagwera m'dera la Grosse Pointe. Ogulitsa nyumba amadziwa zimenezi, motero pa chikalata chotsatsa nyumba ya m'misewu imeneyo amalembapo dzina la dera la sukulu pamalo oonekera, monga m'mene ife tingalembere kuti nyumbayi ili ndi madzi ndi magetsi.

NDALAMA ZIMACHOKERA KUTI?

Gwero la nkhani yonseyi ndi msonkho wa nyumba. Tikatenga America yense, pa madola 100 alionse oyendetsera sukulu za boma, oposa 40 amatoleredwa m'dera momwemo, maka maka pa msonkho wa nyumba ndi malo. Ena ochuluka chimodzimodzi amachokera kuboma la chigawo, ndipo boma lalikulu la ku Washington limangothirapo pafupifupi 10. Msonkho wa nyumba umatsata mtengo wa nyumbayo. Tsono dera la nyumba zodula limatolera zambiri ngakhale litaika msonkho wotsika, pamene dera la nyumba zotchipa lingathe kuwafinya anthu ake koma thumba osadzadza. Sukulu ikakhala ndi mbiri yabwino anthu amalimbirana nyumba za pafupi, mitengo ya nyumba imakwera, msonkho umachuluka, sukulu imapitirira kukoma. Kwa osauka gudumu lomweli limazungulira chobwerera.

Anthu a ku Michigan anayesa kukonza zimenezi. Mu Malichi 1993 dera la kumudzi la Kalkaska linatseka sukulu zake chaka chisanathe chifukwa ndalama zinatha, anthu atakana kuvomereza msonkho wina. Manyazi a nkhaniyi anathandiza kuti mu 1994 anthu a chigawochi avote kusintha dongosolo: msonkho wa pa katundu wogula m'sitolo unakwera kuchoka pa 4 kufika pa 6 peresenti, msonkho wa nyumba unatsika, ndipo boma la chigawo linayamba kupereka ndalama pa mutu wa mwana aliyense. M'chaka cha sukulu cha 2023/24 ndalamayi inali madola 9,608 pa mwana. Kusiyana kunachepa ndithu, koma sikunathe. Madera amene anali olemera kale analoledwa kutolera kamsonkho kapadera kuti asatsike, ndipo kumanga ndi kukonza nyumba za sukulu kunatsalabe pamapewa a msonkho wa nyumba wa dera lililonse. Denga likamadontha ku Detroit, a ku Grosse Pointe sizikuwakhudza.

MLANDU UMENE UNALIMBITSA MALIRE

Malire amenewa sanagwe kumwamba. Mu 1950 Detroit inali ndi anthu pafupifupi 1,850,000. Kuyambira zaka zimenezo azungu ambiri anayamba kusamukira kumayadi, pamene anthu akuda amakanizidwa ngongole za nyumba kubanki kapena kubisiridwa nyumba zogulitsa. Mu 1960 zinaululika kuti ogulitsa nyumba a ku Grosse Pointe anali ndi njira yopatsa malikisi munthu wofuna kugula, poyang'ana khungu lake, kayankhulidwe kake, dzina lake ndi chipembedzo chake. Anthu akuda ndi a ku Asia sankawerengeredwa n'komwe. Lamulo loletsa tsankho pogulitsa nyumba linabwera mu 1968, anthu atakhazikika kale kumene anakhazikika.

Mu 1970 makolo akuda mothandizidwa ndi bungwe la NAACP anakasuma kukhoti kuti sukulu za Detroit ndi zatsankho. Jaji Stephen Roth anagwirizana nawo. Koma anaona kuti kusakaniza ana m'kati mwa mzinda mokha n'kutaya nthawi, poti ana a azungu anali atapita kale kunja. Choncho mu 1972 analamula kuti madera 53 a kumayadi alowe nawo m'dongosolo limodzi, ana azinyamulidwa pa basi kuwoloka malire. Mitima inali itatentha kale: chaka chapitacho m'tauni ya Pontiac, kumpoto kwa Detroit, anthu a gulu la Ku Klux Klan anaphulitsa basi 10 za sukulu pokana dongosolo lotere.

Nkhaniyi inafika kubwalo lalikulu la milandu la dzikolo, ndipo imadziwika ndi dzina la William Milliken, amene anali bwanamkubwa wa Michigan. Mu Julayi 1974 majaji asanu mwa asanu ndi anayi anagamula kuti madera a kumayadi sangakakamizidwe kulowa nawo pokha pokha patapezeka umboni wakuti iwonso anachita tsankho mwa lamulo. Jaji Thurgood Marshall, wakuda woyamba pa bwalolo, anali mmodzi wa anayi otsutsa. Jaji Roth sanamve chigamulochi, anamwalira masabata awiri chisanaperekedwe. Kuyambira tsiku limenelo kholo lililonse la ndalama linadziwa kuti likangowoloka malire, mavuto a sukulu za mumzinda sadzalitsatira. Sukulu za Detroit zimene zinali ndi ana pafupifupi 300,000 m'zaka za m'ma 1960 zinatsala ndi pafupifupi 50,000 pofika m'ma 2020, ndipo kalembera wa 2020 anapeza anthu 639,111 okha mumzindawo.

FIZI YOBISIKA M'MTENGO WA NYUMBA

Kodi sukulu imakwezadi mtengo wa nyumba, kapena nyumba za kumeneko n'zokongola chabe? Katswiri wa za chuma Sandra Black anayankha funsoli mu 1999 mwa nzeru yosavuta. Anatenga timatauni ta m'mbali mwa mzinda wa Boston, n'kuyerekeza nyumba zoyandikana, za m'tauni imodzi ndi msonkho umodzi, zimene zimangosiyana pakuti ana a mbali iyi ya msewu amapita ku pulaimale ina ndipo a mbali inayo ku ina. Anapeza kuti malikisi a sukulu akakhala okwererapo ndi 5 peresenti, makolo amalipira pafupifupi 2.5 peresenti yoonjezera pa nyumba. Pa nyumba ya madola 300,000 ndiye kuti madola 7,500, ndipo uku n'kusiyana kwa sukulu ziwiri za m'dera limodzi. Pakati pa madera awiri mpata umakula kwambiri.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amagona osatseka maso. Kugula kanyumba kakang'ono ndi kakale m'dera lotchuka, ana n'kumapanikizana m'chipinda chimodzi, kapena nyumba yaikulu ya bwalo lotakasuka m'dera la sukulu zonyozeka? Bambo alole kumayenda ola lathunthu popita kuntchito kuti ana alowe sukulu yabwino? Ena amawerenga chonchi: fizi ya sukulu yapulaiveti ukalipira yapita, ndipo umalipira mwana aliyense payekha, pamene ndalama yoonjezera pa nyumba umalipira kamodzi ana onse n'kuphunzira, komanso idzabwerera pa tsiku logulitsa. N'chifukwa chake ngakhale anthu opanda ana amafunsa za sukulu pogula nyumba, akuganiza za wodzagula wa mawa. Wa lendi naye sathawa, mwini nyumba amaika zonsezi mu lendi.

Amene alibe ndalama zimenezi amayesa njira zina. Kuyambira 1996 lamulo la Michigan limalola dera la sukulu kulandira ana ochokera kunja, ndalama ya pa mutu wa mwana n'kumutsatira. Koma kutsegula chitseko ndi kufuna kwa dera, ndipo Grosse Pointe kwa zaka zambiri yakhala ikukana. Kumene alola, ulendo wa mwana umakhala pamutu pa kholo. Ena amalembetsa mwana pa keyala ya wachibale. Kwathu kuno zimenezi sizachilendo, mwana kukakhala kwa amalume kapena kwa azakhali kuti ayandikire sukulu ndi chinthu chotamandika. Ku America madera ena amalemba ntchito anthu ofufuza, oima m'mawa pakona kuona kuti mwana akutuluka m'nyumba iti. Mu 2011 mayi wina wa mumzinda wa Akron, m'chigawo cha Ohio, anakhala m'ndende masiku 9 chifukwa cholembetsa ana ake aakazi awiri pa keyala ya bambo ake omubereka, m'dera la Copley-Fairlawn. Deralo linkafuna abweze madola pafupifupi 30,000. Tangoganizani, agogo a anawo amakhaladi m'nyumba imeneyo.

BANJA LA CHISILAMU LILI NDI FUNSO LINANSO

Kumadzulo kwa Detroit, molumikizana ndi mzindawo, kuli tauni ya Dearborn kumene kuli likulu la kampani ya Ford. Ntchito za m'fakitale zinakoka anthu ochokera ku Lebanon ndi Yemen, kenaka kunabwera a ku Iraq. Kalembera wa 2020 anaonetsa kuti oposa theka la anthu pafupifupi 110,000 a m'tauniyi makolo awo anachokera kumaiko a Aluya ndi oyandikana nawo. Poti komiti ya sukulu imasankhidwa ndi anthu a m'deralo, sukulu za boma za ku Dearborn zimatseka pa Eid, ndipo ana amapeza chakudya cha halal pa nkhomaliro. Mu 2010, Ramadhan itagwa m'nyengo yotentha ya Ogasiti, anyamata a timu ya mpira pa sekondale ya Fordson ankachita zokonzekera zawo usiku kuyambira 11 koloko mpaka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, kuti asafooke ndi swaumu masana.

Kwa kholo la Chisilamu zimenezi zili ndi mtengo wake umene sulembedwa pa chikalata cha malikisi. Mtsikana wovala hijabu asamakhale yekha m'kalasi monse. Mwana asamasankhe pakati pa mayeso ndi swala ya Eid. Mzikiti ukhale pafupi kuti madrasa ya madzulo kapena ya Loweruka itheke, pakuti kumeneko mwana sayenda yekha mtunda wautali, ndipo kholo limene latopa ndi ntchito silingayendetse galimoto mphindi 40 tsiku ndi tsiku kwa zaka zisanu. Limayamba ndi mtima wonse, pakatha miyezi itatu mwana wasiya. Tsono pali mabanja amene amakana dera la malikisi apamwamba n'kusankha kukhala pakati pa anzawo, ndipo pali ena amene akapeza bwino amasamukira kutali, n'kumabwera ku Dearborn pa Lachisanu kudzaswali ndi kugula nyama.

Amene amafuna zonse ziwiri amayang'ana tauni yoyandikana nayo ya Dearborn Heights. Koma kumenekonso muli msampha uja. Tauni imodziyi inagawidwa pakati pa madera angapo a sukulu, ena mwa iwo ndi Crestwood, District 7, Westwood ndi Dearborn yomwe. Munthu amene wangomva kuti mbale wake akukhala bwino ku Dearborn Heights, n'kuthamangira kugula kumeneko osayang'ana mapu, angadzadabwe ana a nyumba ziwirizo akukwera basi zosiyana.

KODI MALIKISI AMAYEZA CHIYANI?

Masiku ano makolo ambiri amayamba kufufuza nyumba pa intaneti, ndipo pa masamba otchuka monga Zillow, pansi pa zithunzi za nyumba pamaoneka maina a sukulu za pafupi ndi nambala yochokera pa 1 mpaka 10, yoperekedwa ndi bungwe la GreatSchools. Kholo lotanganidwa limangoona 9 n'kukondwa, likaona 4 n'kudumpha.

Apa ine monga mphunzitsi ndili ndi mawu. Mphunzitsi aliyense amadziwa kuti ana safika m'kalasi ali ofanana. Wina amabwera akudziwa kale zilembo chifukwa kunyumba kuli womuwerengera, wina amabwera ndi njala ndipo buku akuliona koyamba. Woyambayo akakhoza bwino pakutha pa chaka, ulemu sungapite kwa mphunzitsi yekha. Ofufuza a ku America akhala akuzipeza zimenezi kuyambira pa kafukufuku wamkulu wa James Coleman mu 1966: malikisi a sukulu amatsata kwambiri chuma ndi maphunziro a makolo. Choncho 9 uja nthawi zambiri amatiuza za matumba a anthu oyandikana nawo nyumba kuposa za luso la aphunzitsi. Muyeso wachilungamo ndi wakuti sukulu yamusuntha mwana kuchoka pati kufika pati. Mu 2017 Sean Reardon wa pa yunivesite ya Stanford atayeza mwa njira imeneyi anapeza kuti ana a m'sukulu za mzinda wa Chicago, ambiri a iwo osauka ndipo malikisi awo otsika, ankaphunzira m'zaka zisanu zimene ana ena amaphunzira m'zaka zisanu ndi chimodzi. Madera ambiri olemera sanafikepo. A GreatSchools eni ake anasintha kawerengedwe kawo kuti kupita patsogolo kwa mwana kuziwerengedwa, komabe diso la wogula limathamangira nambala imodzi ija.

Sindikunena kuti makolowo ndi opusa. Laibulale yodzadza, kalasi ya ana ochepa, mphunzitsi amene sathawa pakati pa chaka, zonsezi ndi zenizeni. Koma banja limene likumira m'ngongole chifukwa cha kusiyana kwa 7 ndi 9, bambo ndi mayi onse n'kumagwira ntchito ziwiri ziwiri osaonana ndi ana mpaka usiku, lagula chinthu chimodzi n'kutaya chinzake chimene ofufuza omwewo akuti ndicho chachikulu.

Ndipo chogulidwacho sichikhala ndi chidindo. Malire a pakati pa madera sasintha kawiri kawiri, koma malire a sukulu za m'kati mwa dera komiti ingathe kuwajambulanso. Mu 2019 komiti ya Grosse Pointe, poona kuti ana akuchepa, inavota kutseka pulaimale ziwiri, Trombly ku Grosse Pointe Park ndi Poupard ku Harper Woods, ndipo zinatsekedwa mu 2020. Panali makolo amene anagula nyumba kuti ana aziyenda wapansi kupita pa sukulu zimenezo.

ABALE ATHU A KU JOHANNESBURG

Wina anganene kuti za ku America zitikhudza bwanji ife a ku Makanjira, Malindi kapena Nkhotakota. Kwathu kuno kamthunzi kake kalipo, pakuti ana osankhidwira kusekondale zoyendera za m'madera amatengedwa m'mapulaimale ozungulira sekondaleyo, motero kumene mwana walembera Sitandade 8 kuli ndi mawu pa kumene akapite. Koma kumene dongosolo lofanana ndi la ku America latipeza maso ndi maso ndi ku South Africa, kumene pafupifupi mudzi uliwonse wa kuno uli ndi mwana wake, ndipo ambiri tsopano akuitanitsa mabanja.

M'chigawo cha Gauteng, m'mene muli Johannesburg ndi Pretoria, kuyambira 2016 malo a Giredi 1 ndi Giredi 8 m'sukulu za boma amapemphedwa pa intaneti, chaka chisanafike. Sukulu iliyonse ili ndi dera lake lotengako ana. Oyamba kuganiziridwa ndi amene nyumba yawo ili m'deralo, kenaka amene ali ndi mkulu wawo pa sukulupo, kenaka amene kholo limagwira ntchito m'deralo, ndipo otsalawo amabwera pambuyo malinga ndi mtunda. Kusiyana ndi ku America n'kwakuti sukulu za boma za kumayadi zimalipiritsanso fizi, pamene za m'madera osauka ndi zaulere. Wofuna sukulu yotchuka amalipira kawiri, pa lendi ndi pa fizi.

Vuto la anthu athu ambiri ndi umboni wa kumene akukhala. Munthu amene akuchita lendi chipinda cha kuseri kwa nyumba ya wina, kapena akugawana fulati ndi anzake anayi, alibe pepala la dzina lake. Mbale amene akuganiza zoitanitsa mayi ndi ana ayambe wafunsa kuti msewu umene akufuna kukhalawo umadyetsa sukulu iti, ndipo apemphe mwini nyumba kalata yolembedwa ya lendi asanapereke ndalama ya chikole. Pa za mapepala a mwana mwini, khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula mu Disembala 2019 kuti mwana asabwezedwe pa sukulu ya boma chifukwa chosowa kalata ya kubadwa kapena chilolezo chokhalira m'dzikomo, ndipo unduna wa maphunziro unatumiza chigamulochi kuzigawo zonse mu 2020. Chigamulo chimenechi chimamupatsa mwana malo pa sukulu. Sichinena kuti pa sukulu iti, zimenezo zikutsatabe keyala.